Wopulumutsa anzake akadwala maganizo, ntchito yake aiteteza ndani?

Mvula yoyamba ya kumapeto kwa 2023 idandipeza ku Masongola, kunyumba kwa achimwene anga. Ndidachoka kumudzi komwe ndimaphunzitsa kudzatenga mapepala a sukulu m'tauni, ndipo kunja kutada ndidaganiza zongogona konko. Cha m'ma 1 koloko usiku mvula idayamba kuomba malata. Posakhalitsa ndidamva chitseko chikutseguka. Nditasuzumira, ndidaona achimwene ataima pakhonde, atavala nsapato za kuntchito, tochi ili m'manja, akuunika kuphiri.

"Achimwene, kwagwanji?" ndidafunsa.

"Tamvera Mulunguzi. Wasintha kaliridwe," adayankha osandicheukira.

Ndidatchera khutu. Mtsinje unkangosokosa monga umachitira mvula ikagwa kuphiri. Iwo adakhalabe panjapo mpaka atambala. Mmawa, alamu akuwiritsa madzi a tiyi, adandinong'oneza: "Alamu, si lero lokha ayi. Chibwerereni ku Blantyre kuja, mitambo ikangoti bii, tulo palibe m'nyumba muno."

Achimwene amagwira ntchito ya yunifomu. Nthambi yake sinditchula, chifukwa cholinga changa si kuneneza ofesi kapena bwana aliyense. Chomwe ndinene n'chakuti iwo adali m'gulu la anthu omwe adatumidwa kukakumba m'matope namondwe wa Freddy atagwetsa nthaka ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za anthu ku Chilobwe mu Malichi 2023.

Tonse tikukumbukira masiku amenewo. Pa 13 Malichi, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo cha kummwera chagweredwa ngozi. Anthu oposa 670 adatsimikizika kuti afa, oposa 500 adasowa, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Nyumba yachisoni ya pachipatala cha Queen Elizabeth idadzaza. Tidaona zithunzi za asilikali, apolisi, a Red Cross ndi anyamata a m'makwalala akukumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieni. Tidawayamikira. Kenako misasa idatsekedwa, sukulu zidatsegulidwa, ndipo okumba aja adabwerera aliyense kuntchito kwake ngati kuti adangopita kokalima.

Achimwene adandifotokozerapo kamodzi kokha zomwe adaona. Adati chomwe sichiwachoka si nkhope za akufa ayi, koma fungo la matope aja, ndi kope la mwana wa pulayimale lomwe adalizula pamodzi ndi mwini wake. Atanena zimenezo adadzuka n'kupita kuseri, ndipo nkhaniyo sitidaibwerezenso.

Zizindikiro zomwe zimasanduka milandu

Chaka cha 2024 chidali chovuta. Munthu amene kwa zaka zambiri sadachedwepo kuntchito adayamba kufika dzuwa litakwera. Akamva kuti kwachitika ngozi ya galimoto ndipo mwina atumidwako, ankadwala m'mimba, osapita. Adayamba kumwa, poyamba kabotolo kamodzi koitanira tulo, kenako tiwiri, titatu. Ana adaphunzira kuyenda chonyang'ama atate awo akakhala m'nyumba. Tsiku lina adayankha wamkulu wawo mokweza mawu, chinthu chomwe kuntchito ya yunifomu n'chosayerekezeka. Kalata yochenjeza idabwera, ina idatsatira.

Abale tidagawanika. Ena adati walodzedwa ndi anzake a kuntchito. Ena adati mizimu ya anthu omwe adawakumba ikumutsata, apite kukapemphereredwa. Amalume adangoti: "Mwamuna salira, alimbe mtima." Ine ndemwe, mphunzitsi amene ndimayenera kudziwa bwino, ndinkaganiza kuti ndi mowa basi.

Dzina la vutoli tidalimva kwa wachipatala. Madokotala amalitcha PTSD. M'Chichewa tingati ndi nthenda ya maganizo yomwe imagwira munthu akakumana ndi zoopsa kapena akaziona ndi maso. Imaoneka m'njira zitatu. Zomwe munthu adaona zimamubwerera ngati zikuchitika pompano, kutulo kapena masanasana, ndipo chozidzutsa chimatha kukhala fungo, phokoso kapena mtambo chabe. Munthuyo amayamba kupewa malo, ntchito ndi nkhani zomwe zimamukumbutsa. Thupi lake limakhala tcheru nthawi zonse: kudzidzimuka, kupsa mtima msanga, kusowa tulo. Zili ngati mlonda amene akuimbabe wenzulo wakuba atapita kalekale.

Anthu ambiri amamva zotere masabata oyamba ngozi ikachitika, ndipo zimatha zokha. Zikapitirira mwezi n'kuyamba kusokoneza ntchito ndi banja, pamenepo ndi nthenda, ndipo nthawi zina imayamba kuoneka patapita miyezi.

Tsono taonani chomwe chimachitika nthendayi ikafika kuntchito. Kusowa tulo kumalembedwa kuti kuchedwa kapena kusinza pantchito. Kupewa malo angozi kumalembedwa kuti kujomba kapena kukana lamulo. Kupsa mtima kumalembedwa kuti mwano. Mowa woitanira tulo umalembedwa kuti uchidakwa. Chizindikiro chilichonse cha nthendayi chili ndi mlandu wake m'buku la mwambo. Wothyoka mwendo pantchito amanyamulidwa kupita kuchipatala, anzake n'kumakamuona ndi nthochi. Wovulala maganizo pantchito yomweyo amaitanidwa kukayankha mlandu. Bwana amene akulemba kalata yochenjeza sakulakwa mwadala; akutsatira buku lomwe adapatsidwa, ndipo bukulo silimufunsa kuti munthuyu adatumidwa kuti chaka chatha.

Zomba amadziwa nkhaniyi

Ife a ku Zomba sitiyenera kudabwa nazo. Akuluakulu amasimbabe za napolo wa mu Disembala 1946, amene adatsika m'phiri lomweli n'kukokolola milatho ndi kupha anthu. A ku Phalombe ali ndi wawo wa mu 1991. Nthawi zonsezo padali anthu amene adakumba ndi kunyamula mitembo, ndipo palibe adawafunsa kuti akugona bwanji.

Pafupi ndi Cobbe Barracks pali chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles omwe adafa pankhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Nkhondo imeneyo ndi yomwe idachititsa madokotala a ku Ulaya kuyamba kulemba za asilikali obwerera kwawo akunjenjemera ndi kulota zoopsa popanda bala looneka. Ambiri adatchedwa amantha. Padatenga zaka zambiri, mpaka 1980, kuti madokotala a ku America alembe PTSD m'buku lawo la matenda, ataona mavuto a asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam. Chipilala chathu chili ndi maina a omwe adafa. Omwe adabwerera amoyo koma osagona sadalembedwe paliponse.

Mu Zomba momwemuno mulinso chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. Mbiri yake ndi yomwe imaopsa anthu: chidayamba mu 1910 ngati chipinda cha kundende, ndipo chipatala chenicheni chidatsegulidwa mu 1953. N'chifukwa chake mpaka lero mawu oti "ku Mental" amamveka ngati chilango. Kuchoka ku Masongola kukafika kumeneko si mtunda wautali, koma achimwene zidawatengera miyezi kuti avomere. Ankati: "Anzanga akandiona ndikulowa pageti paja, ntchito yatha. Adzandikhulupiriranso ndani?" Mantha awo sadali opanda pake. Munthu amabisa nthenda ngati akudziwa kuti kuiulula kungamudyere ntchito, ndipo nthenda yobisa imakula.

Si a Freddy okha. Ozimitsa moto a khonsolo, ogwira ntchito za nkhalango amene amalimbana ndi moto wolusa m'mapaini a paphiri chilimwe chilichonse, oyendetsa ambulansi, apolisi apamsewu amene amatola anthu pamsewu wa Zomba–Blantyre, anamwino amene adaona anthu akufa m'matenti nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe idapha anthu oposa 1,700, onsewa ntchito yawo ndi kuthamangira komwe enafe tikuthawako. Ganiziraninso omwe adafika poyamba pamalo pomwe idagwera ndege m'nkhalango ya Chikangawa mu Juni 2024, pangozi yomwe idapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Dziko lidalira omwe adafa. Omwe adawanyamula adabwerera kuntchito.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la zantchito la 2000, Employment Act, lidaika mnofu pa mawu amenewa. Gawo 46 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata osachepera 4 akulandira malipiro onse ndi masabata 8 akulandira theka, chaka chilichonse, ngati wabweretsa kalata ya dokotala. Gawo 57 limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo limanena poyera kuti kusapezeka pantchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu. Wochotsedwa mopanda chilungamo angathe kukadandaula kuofesi ya zantchito kapena kukhoti loona milandu ya zantchito.

Namwino, woyendetsa ambulansi ndi wozimitsa moto wa khonsolo ayenera kudziwa magawo amenewa, chifukwa ndi awo. Koma chitetezo chake chimayamba kugwira ntchito pokhapokha pali kalata ya wachipatala. Amene akujomba chifukwa cha PTSD koma sakudziwa kuti akudwala alibe kalata, choncho pamaso pa lamulo ndi wojomba basi.

Kwa a yunifomu nkhani ndi ina. Lamulo lomweli limanena kumayambiriro kwake kuti silikhudza asilikali ankhondo, apolisi ndi asilikali andende, kupatula anthu wamba olembedwa ntchito kumeneko. Lamulo la 1996 loona za ubale wa mabwana ndi antchito nalonso limawapatula chimodzimodzi, kotero alibe bungwe la apantchito lowayankhulira monga momwe ife aphunzitsi tilili ndi TUM. Ali ndi malamulo awoawo, zipatala zawo ndi abusa awo, ndipo pali zifukwa zomveka zoti ntchito zotere zikhale ndi mwambo wolimba. Komabe zotsatira zake n'zakuti anthu amene timawatuma poyamba kumalo oopsa kwambiri ndi omwe ali kunja kwa mpanda womwe umatchinjiriza enafe.

Palinso lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito, Workers' Compensation Act, la 2000. Mukaliwerenga mudzapeza ndandanda wa ziwalo: wotaya mkono awerengeredwa maperesenti akuti, wotaya chala akuti, wotaya diso akuti. Ndi lamulo labwino kwa wodulidwa ndi makina kufakitale kapena wogwa pakatawala pomanga nyumba. Koma munthu amene ziwalo zake zonse zilipo, chonsecho sagona chifukwa cha zomwe ntchito idamuonetsa, amavutika kuloza mzere wake, ndipo udindo wotsimikiza kuti nthendayo idachokeradi kuntchito umagwera iye yemwe, wodwalayo.

Ongodzipereka ndiwo ali pambalambanda. Wa Red Cross wa m'mudzi, membala wa komiti ya zangozi, mnyamata amene adangotenga khasu n'kuthamangira, alibe bwana, alibe kalata ya ntchito, alibe koti akadandaule.

Maiko ena adaona vutoli n'kuchitapo kanthu. Mu 2010 bungwe la zantchito padziko lonse, ILO, lomwe Malawi ndi membala wake, lidaika PTSD pandandanda wa matenda obwera chifukwa cha ntchito. Ku South Africa, thumba la boma la chipukutamisozi cha apantchito lili ndi malangizo olipirira odwala nthendayi. M'chigawo cha Ontario ku Canada, lamulo la 2016 lidatembenuza nkhani yonse: wapolisi, wozimitsa moto kapena wa ambulansi akapezeka ndi PTSD ndi katswiri wovomerezeka, zimangotengedwa kuti nthendayo yachokera kuntchito, pokhapokha wina atabweretsa umboni wotsutsa. Wodwala sakakamizidwa kufotokoza mtembo uliwonse womwe adanyamula kuti akhulupiriridwe.

Ndikudziwa zomwe ena anene: Malawi si Canada, ndalama zilibe, ndipo aulesi adzapezerapo mwayi wonamizira. Za onamizira, yankho ndi lomwe timagwiritsa kale ntchito pa malungo ndi msana: wachipatala ndiye aweruze. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, n'zoona, koma tili ndi anamwino ndi makiliniko ofesa ophunzitsidwa ntchitoyi, ena kusukulu ya St John of God ku Mzuzu, ndipo amapezeka m'zipatala za m'maboma. Lamulo lingathe kuvomereza siginecha yawo.

Za ndalama, tiwerengere bwino. Chithandizo chachikulu cha PTSD si makina odula kapena ulendo wa ku India. Ndi kukambirana mwadongosolo ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo malangizo a zaumoyo a ku Britain amati kawirikawiri zimatenga maulendo 8 mpaka 12, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Ambiri amachira n'kubwerera kuntchito. Yerekezani ndi mtengo wophunzitsa wapolisi, namwino kapena wozimitsa moto watsopano kulowa m'malo mwa wazaka 15 pantchito amene tamutaya. Onjezanipo ana osiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi. Ife aphunzitsi ndi amene timaona mipando yawo ili yopanda anthu.

Zinthu zinayi zomwe tingachite

Choyamba, PTSD ilembedwe poyera ngati kuvulala kwa pantchito, m'lamulo la chipukutamisozi ndi m'malamulo a nthambi za yunifomu, ndipo kwa opulumutsa anthu zitengedwe kuti yachokera kuntchito monga achitira ku Ontario.

Chachiwiri, ndipo ichi sichilira ndalama zambiri: wantchito amene adatumidwako kungozi yaikulu, khalidwe lake n'kusintha pambuyo pake, asaweruzidwe mlandu wa kujomba, mwano kapena mowa asanaonedwe ndi wachipatala wa zamaganizo. Akapezeka kuti ali bwino, mwambo ugwire ntchito. Akapezeka akudwala, mlandu uime, chithandizo chiyambe.

Chachitatu, wodwala apatsidwe tchuthi, kenako ntchito yopepuka, n'kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito yake. Za matenda ake zisungidwe mwachinsinsi, ndipo zisakhale chifukwa chomudumphira pokweza anthu. Popanda lonjezo limeneli palibe adzapite kuchipatala.

Chachinayi, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, yomwe idapatsidwa lamulo latsopano mu 2023, izisunga kaundula wa onse amene agwira ntchito yopulumutsa anthu, ongodzipereka omwe, ndipo azifunsidwa za umoyo wawo pakatha mwezi ndiponso pakatha miyezi 6. Timalemba matumba a chimanga ndi mabulangete omwe tagawa. Kulemba maina a okumba sikungatikanike.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo kulowa m'malo mwa lakale la 1948. Imeneyo ndi sitepe yabwino, chifukwa ikuona wodwala ngati munthu waufulu wake. Chotsala n'chakuti ufuluwo umutsate mpaka kuntchito. Aphungu a ku Zomba, tauni ya asilikali, apolisi, ndende yaikulu ndi chipatala cha maganizo, ndiwo oyenera kuyambitsa nkhaniyi.

Kwa inu apabanja, musadikire lamulo. Ngati amuna anu, akazi anu kapena mwana wanu adabwera kungozi ali munthu wina, ndipo mwezi wadutsa osasintha, mutengeni kuchipatala cha boma mukafunse namwino wa zamaganizo. Kupemphera ndi kuchipatala sizitsutsana. Musamukakamize kufotokoza zonse. Mukhale naye pafupi. Akayamba kunena zoti moyo watopa nawo, musamusiye yekha, pitani tsiku lomwelo. Ndipo kalata iliyonse ya kuchipatala muisunge, chifukwa tsiku lina ndi yomwe idzapulumutse ntchito yake.

Achimwene ntchito yawo ilipobe. Alamu adatenga kalata ya kuchipatala n'kukaipereka okha kwa wamkulu wina, bambo wachikulire amene adaiwerenga kawiri, n'kunena kuti nayenso pali zomwe adaona ali mnyamata zomwe sanenapo. Adaimitsa mlandu, adawapatsa ntchito ya muofesi kwa miyezi ingapo, ndipo adawalola kumapita kukaonana ndi wachipatala. Mowa adasiya. Mvula ikagwa usiku amadzukabe, koma amakhala pampando m'nyumba, nsapato osavala, mpaka mtima utakhazikika.

Mnzawo amene ankakumba naye limodzi ku Chilobwe sadakumane ndi bwana wotere. Adajomba, adachotsedwa, ndipo ndidamuona komaliza akupalasa kabaza. Anthu awiriwa adagwira fosholo imodzi, adadwala nthenda imodzi. Chidawasiyanitsa ndi mtima wa munthu amene adakhala kuseri kwa tebulo tsiku limenelo. Bambo wachifundo uja angathe kusamutsidwa mawa kapena kupuma pantchito, ndipo wobwera pambuyo pake palibe chomukakamiza kuwerenga kalata ija. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Napolo adzatsikanso, ndipo tsiku limenelo tidzafuna anthu othamangira kuphiri enafe tikuthawa. Tiwalembere chitetezo chawo m'lamulo mvula isanabwere.

Mlembiyu ndi mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale kumudzi m'boma la Zomba.